Kodi mapuloteni a m'timatumba ta mabakiteriya ndi omwe aja a mu nyemba?

Funso

Ndimaphunzitsa Biology pasukulu ina ya sekondale yoyendera kufupi ndi Luchenza. Mtsikana wina wa Fomu 3 anawerenga pa foni ya achimwene ake kuti mabakiteriya oyambitsa matenda amatulutsa timatumba todzaza mapuloteni, ndipo timatumbato ndi timene timatidwalitsa. Ndiye anandifunsa kuti: "Madamu, si paja munati mapuloteni ndi zakudya zomanga thupi? Nanga akudwalitsa bwanji? Komanso kachilomboko kakafa ndi mankhwala kapena kulorini, timatumbato timafera limodzi?" Ndamuuza kuti ndimuyankha Lolemba. Ndithandizeni.

Yankho

Zikomo Aphunzitsi. Mwachita bwino kupempha nthawi m'malo momutseka pakamwa mwanayo. Zimene anawerengazo n'zoona, kungoti mawu akuti "ndi timene timatidwalitsa" adumpha malire pang'ono. Timatumbato ndi chida chimodzi mwa zida zambiri zimene kachilombo kali nazo.

Ndiyambe ndi pamene pamusokoneza, chifukwa chisokonezocho tinachidzala tokha. Kuyambira ku pulayimale timawaloweza ana magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo amakula akudziwa kuti puloteni ndi nyemba, nandolo, usipa ndi mazira. Si bodza. Koma zili ngati kuuza mwana kuti chitsulo ndi poto basi, osamuuza kuti khasu, singano, loko ndi chikwanje nazonso ndi chitsulo chomwecho. Puloteni ndi chingwe chachitali cha mikanda, mikandayo ndi ya mitundu 20, ndipo ndi imene mumaiphunzitsa kuti ma amino acid. Chingwecho chikapindika mwa njira yakeyake chimasanduka chida chogwira ntchito inayake. Tikadya nyemba, mimba imamasula mikandayo, thupi n'kuitunganso m'ndondomeko yake kupanga zida zake.

Mufunseni mwanayo ngati anadyapo chinanazi cha ku Mulanje mpaka lilime kuyamba kuthethetsa. Ndi puloteni imeneyo, dzina lake bromelain, ndipo ntchito yake ndi kudula mapuloteni anzake, kuphatikizapo a pa lilime lake. Chimera chimene amayi amathira mu phala la thobwa chimatsekemeretsa chifukwa muli mapuloteni ophwanya ufa kuusandutsa shuga. Ululu wa mphiri ndi mapuloteni. Poizoni wa mu nthanga za nsatsi ndi puloteni. Akamvetsa zimenezi, theka la funso lake latha.

Tsopano timatumba. M'chaka cha 1884 dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, anapeza njira yonyika mabakiteriya mu utoto, imene mpaka lero timagwiritsa ntchito m'malabotale a zipatala zathu. Ena amaugwira utotowo osausiya, ena amasuluka akatsukidwa. Osulukawa timawatchula kuti Gram-negative, ndipo m'gulu limeneli muli adani athu odziwika bwino: wa kolera, wa tayifodi, wa kamwazi, wa chinzonono, ndi mmodzi mwa oyambitsa matenda oumitsa khosi. Iwowa ali ndi zikopa ziwiri. Pali chamkati, kenako khoma lopyapyala longa ukonde, ndiye chikopa chakunja chimene chinakhomeredwa ku khomalo ndi mapuloteni ogwira ntchito ya timisomali.

Munaonapo njinga ya kabaza imene tayala lang'ambika m'mbali, chubu n'kusuzumira panja ngati chithupsa? Ndi zomwe zimachitika pamene timisomali tija tachepa kapena tamasuka. Chikopa chakunja chimatupa pamalopo. Kusiyana kwake n'kwakuti cha njinga chimathera kuphulika, pomwe cha bakiteriya chimafinyika pakhosi, n'kuduka, n'kuchoka chili chobulungira ngati thovu la sopo, chitanyamula zimene zinali pansi pake. Pamene chachokapo pamatsekeka, mwini wake ali moyo, akupitiriza kudya ndi kuswana. M'mabuku mudzatipeza ndi dzina lakuti outer membrane vesicles, mwachidule OMV.

Kuchepa kwake n'kovuta kukuyerekeza. Tambiri timakula pakati pa ma nanomita 20 ndi 250. Tengani rula, muone kampata ka milimita imodzi. Timatumba ta ma nanomita 100 tingandandalike 10,000 m'kampata kameneko. Maikulosikopu ya kusukulu kwanu singationetse, ngakhale ya ku labotale ya chipatala cha boma. Pamafunika ya ma elekitironi. Ena mwa oyamba kutijambula anali asayansi awiri a ku Kolkata m'dziko la India, S. N. Chatterjee ndi J. Das, m'chaka cha 1967, ndipo bakiteriya amene ankamuyang'anayo anali wa kolera. Kwa zaka zambiri anthu ankati ndi zinyalala chabe, zidutswa za tizilombo tomwe tikufa. Kenako zinadziwika kuti ngakhale mabakiteriya opanda chikopa chakunja amatulutsa tawo. Mu 2009 ofufuza a ku South Korea anaonetsa zimenezi pa Staphylococcus aureus, uja wa zithupsa ndi mafinya, ndipo wa chifuwa chachikulu nayenso amatero.

Nanga kachilombo kavutikiranji kumanga phukusi, osangolavula poizoniyo poyera? Kamachita zonse ziwiri, koma phukusi lili ndi ubwino wake. Mukamwaza shuga mu mtsinje wa Ruo kuti akafike kwa mnzanu ali kumunsi, salandira kanthu. Mukamumanga mu jumbo afika yense pamodzi, ali wouma. M'matumbo mwathu muli mapuloteni odula anzawo, omwe aja ogaya nyama, ndipo poizoni woyenda wamaliseche akhoza kugayidwa asanafike. Wa m'kathumba amatetezeka. Kathumba kamalowanso m'malo amene mwini wake sangakwane, monga m'mamina okuta matumbo, mpaka m'magazi. Ndipo pamwamba pake pali mapuloteni omata amene amagwira selo la munthu, selolo n'kukameza lokha, kapena zikopa ziwirizo n'kuphatikana katundu n'kukhuthukira mkati.

Mwina mwanayo adzafunsa kuti tinadziwa bwanji za mkatimo. Ntchito imeneyi ndinaigwirapo ndili pa maphunziro, ndipo ndi yofuna kuleza mtima. Umalera mabakiteriya mu msuzi wawo malita angapo mpaka msuziwo uchite mbuu. Umauzunguza pa makina kuti tizilomboto tidikhe pansi, n'kutsanula madzi a pamwamba. Madziwo umawasefa pa sefa ya timabowo ta ma maikoromita 0.22 (ma nanomita 220), timene bakiteriya sangadutse koma kathumba kadutsa. Ukatero umawaika mu makina ena ozungulira mwaukali, okoka ndi mphamvu yoposa ya dziko lapansi ka 100,000, kwa maola angapo. Zonsezo zikatha, pansi pa kabotolo pamatsala kadontho kotuwa kosafika ndi njere ya mawere. Tsiku langa loyamba ndinakayamwa pamodzi ndi madzi otaya, osakaona n'komwe, ntchito ya masiku awiri n'kupita mu ndowa ya zonyansa. Ukakasunga bwino kadonthoko, umathiramo puloteni yotchedwa trypsin kuti idule mapuloteni onse m'tizidutswa, makina otchedwa mass spectrometer n'kuyeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse, kompyuta n'kutchula mwini wake. Mu 2014 gulu lina la ku Harvard linapeza mapuloteni pafupifupi 90 m'timatumba ta bakiteriya wa kolera mwa njira imeneyi. M'mitundu ina mndandanda umafika mazanamazana.

Pano ndiikepo maganizo anga. Mndandanda wautali sundisangalatsa msanga. Makinawo amatola chilichonse, ngakhale zotsalira za tizilombo tomwe tinaphulika mu msuzi muja, ndipo kupezeka kwa puloteni m'kathumba si umboni wakuti ikugwira ntchito m'thupi la wodwala. Chimene chimandigwira mtima ndi pamene puloteni ina yachuluka m'kathumba kuposa pa chikopa chimene kathumbako kachokera, ina n'kusowamo. Apo ndiye kuti pali kusankha. Bakiteriya wa matenda a usinini, Porphyromonas gingivalis, amatero: amalongedza m'timatumba mapuloteni ake odula minofu, ena a pachikopa chomwecho n'kuwasiya.

Katundu wa nthawi zonse ndi mapuloteni a zipata, timipope tolowetsa chakudya kudzera pa chikopa chakunja. Pa iwowa pali nkhani ya kolera imene ndimaikonda. Bakiteriya ameneyu akakhala m'madzi amakhala ndi chipata chotchedwa OmpT. Akamezedwa n'kufika m'matumbo amakumana ndi ndulu, ndipo chipata chomwecho chimasanduka chiopsezo chifukwa chimalowetsa nduluyo. Ofufuza a ku Graz m'dziko la Austria anaonetsa mu 2020 kuti akangolowa m'thupi amachulukitsa kutulutsa timatumba, n'kutayira momwemo zipata zakalezo, m'malo mwake n'kuika china chotchedwa OmpU chimene chimapirira ndulu. Amavula zovala za m'madzi n'kuvala za m'mimba, mofulumira kuposa mmene akanachitira podikira kuswana.

Kenako pali mapoizoni. Wa kolera ali ndi zigawo zisanu zogwirira selo la m'matumbo ndi chimodzi cholowa mkati. Cholowacho chimakatsegula mpopi wa mchere n'kuusiya wosatseka. Mchere ukamatuluka madzi amautsata, n'chifukwa chake chimbudzi chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo munthu wamkulu akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Gawo la poizoni ameneyu limatuluka poyera, gawo lina limayenda m'timatumba lobisika kwa zogaya za m'mimba. Sitikufunika kuuzidwa kuopsa kwake. Mliri umene unayamba ku Machinga mu March 2022 unadwalitsa anthu oposa 58,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo Namondwe Freddy atagumula zimbudzi ndi mijigo kuno mu March 2023 tonse tinagona ndi mantha a madzi. Koma onani chinthu ichi. Poizoniyo saononga khomo lina la selo limene limalowetsa mchere ukabwera limodzi ndi shuga. Thanzi ORS amadutsira pa khomo limenelo, madzi n'kutsatira kubwerera m'thupi. Poizoni akangolowa m'selo palibe kapisozi womutulutsa. Chimene chimapulumutsa munthu ndi kumubwezera madzi, pakamwa kapena pa diripi, kufikira matumbo atapanga maselo atsopano.

Mtundu wa E. coli umene umatsegula ana m'mimba uli ndi poizoni wofanana kwambiri ndi wa kolera, ndipo wambiri mwa iye amayenda atamatirira pa timatumba. Helicobacter pylori, wa zilonda za m'mimba, amatumizamo poizoni wake wotchedwa VacA. Pseudomonas aeruginosa, amene amavutitsa mabala a moto, amatumizamo angapo nthawi imodzi.

Ntchito ina ya timatumba ndi yonga ya mchira wa buluzi. Mphaka amatsala akulimbana ndi mchira ukuphiriphitha, mwini wake atalowa kale m'ming'alu. Popeza kathumba kavala chikopa chofanana ndi cha mwini wake, zida zimene zimasaka chikopacho zimathera pa iko. Asilikali a m'magazi mwathu amatero, mankhwala ena monga colistin amatero, ngakhale mavairasi amene amadya mabakiteriya amanyengeka. Mu 2018 ofufuza a ku Boston anaonetsa kuti timatumba ta kolera timakola mavairasi atatu amene amasaka bakiteriya ameneyu.

Koma nkhani imene ndikufuna ana anu apite nayo kunyumba ndi iyi. Mabakiteriya ena ali ndi puloteni yotchedwa beta-lactamase, imene ndi lumo lodula penisilini ndi abale ake monga amokisilini. Lumoli limakhala pakati pa zikopa ziwiri zija, pamalo enieni pamene kathumba kamatapa katundu. Mu 2011 ofufuza a ku Sweden anatenga timatumba ta Moraxella catarrhalis, bakiteriya wokhala m'mphuno ndi kukhosi, n'kutiika pamodzi ndi Streptococcus pneumoniae, uja wa chibayo, yemwe payekha akanafa ndi amokisilini. Sanafe. Timatumba ta mnzake tinadula mankhwalawo asanamufike. Ndiye kuti kachilombo kamene sikakukudwalitsani lero kakhoza kutchinjiriza kamene kakukudwalitsani. Tikamagula makapisozi anayi pa okala chifukwa cha chimfine, kapena kutsegulira nkhuku kapisozi m'madzi akumwa, timapha ofooka n'kusiyira malo okhala ndi malumo. Amenewo ndiwo adzagawire anzawo chitetezo tsiku limene mwana adzadwale chibayo chenicheni.

Tifike pa funso lachiwiri. Timatumba sitifa chifukwa sitinakhalepo ndi moyo. Sitidya, sitiswana. Kathumba kamodzi kadzakhala kamodzi mpaka kataphwanyika, pomwe bakiteriya mmodzi wa kolera pamalo abwino amasanduka awiri pasanathe ola, mawa lake ali mamiliyoni. Choncho timatumba patokha sitingayambitse mliri. Mwanayo asapite kunyumba kukanena kuti kulorini ndi wopanda ntchito. Kuthira kulorini kapena WaterGuard n'kudikira mphindi 30, kapena kuwiritsa madzi mpaka abwate, kumapha fakitale yeniyeniyo. Kutentha kumaononganso mapuloteni ambiri, kuphatikizapo poizoni wa kolera, monga mmene dzira limalimbira likaphikidwa osabwereranso mwakale.

Pali ochepa osamva moto. Poizoni amene Staphylococcus amasiya mu chakudya chogwiridwa ndi dzanja la bala amapirira kutenthetsa. Mukhoza kutenthetsa ndiwo zogona, kachilombo n'kufa, koma wodya n'kuyamba kusanza patangopita maola ochepa. Palinso chinthu china pa chikopa cha kathumba chimene si puloteni, ndi mafuta olumikizana ndi shuga otchedwa LPS. Kuwiritsa sikuchiononga. Pomeza sichivuta, popeza m'matumbo mwathu chilimo kale chochuluka kuchokera kwa mabakiteriya abwino okhala nafe. Chikalowa m'magazi ndiye china: thupi limatentha, mitsempha imalefuka, magazi amatsika mphamvu. N'chifukwa chake madzi a diripi si madzi owiritsa wamba, amayezedwa mwapadera. Mwa odwala matenda oumitsa khosi a Neisseria meningitidis, timatumba timeneti tinajambulidwapo m'magazi ndi m'madzi a mumsana, ndipo ndi gawo la chifukwa chake munthu amene anali bwinobwino m'mawa akhoza kukomoka pofika madzulo.

M'thupi, mankhwala akapha kachilombo, timatumba timene tinatuluka kale timatsala kwa kanthawi mpaka thupi litatichotsa. Ndipo bakiteriya wopanikizika, amene mankhwala amuvulaza osamumaliza, kawirikawiri amatulutsa timatumba tochuluka. Ku Canada anaziona mu 1995 pa Pseudomonas atamuthira gentamicin. Pa mtundu wa E. coli wokhala ndi poizoni wa Shiga, wonga umene unapha anthu oposa 50 ku Germany mu 2011, ciprofloxacin amachulukitsa poizoniyo pamodzi ndi timatumba tomunyamula, ndipo poizoni ameneyu amaononga impso. Komatu ciprofloxacin yemweyo ndi mankhwala oyenera pa kamwazi wa Shigella. Matenda awiri ofanana pa maso, onse otulutsa magazi, mankhwala amodzi n'kukhala othandiza kwina, oopsa kwina. Apa musandimve molakwa, Aphunzitsi. Wouma khosi amafunika jakisoni ola lomwelo, ndipo wa kolera yoopsa amapatsidwa mankhwala pamwamba pa madzi kuti kutsegulako kufupike. Nkhani ndi yakuti wosankha akhale wa chipatala, ndipo zimene walemba zimwedwe mpaka kumapeto.

Anthu anapezamonso phindu. Kathumba kali ndi nkhope yonse ya kachilombo koma sikangaswane, ndiye n'chimene wopanga katemera amafuna. Bakiteriya wa matenda oumitsa khosi wa gulu B anavuta kwa nthawi yaitali chifukwa shuga wokuta thupi lake amafanana ndi wopezeka pa maselo a ubongo wa munthu, moti thupi silimuona ngati mlendo. Dziko la Cuba linatembenukira ku timatumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Norway nayo inapanga wake, ndipo New Zealand inayamba kubaya ana ndi achinyamata mu 2004. Puloteni imene thupi limaigwira kwambiri pa katemera wotereyu ndi chipata chotchedwa PorA, ndipo popeza chimasiyana pakati pa mabanja a kachilomboka, katemerayo ankagwira bwino pa banja limene anachokera. Katemera wa Bexsero, amene dziko la Britain linayamba kubaya makanda mu 2015, anasakaniza timatumba ta ku New Zealand tija ndi mapuloteni ena kuti afikire mabanja ambiri. Panatulukanso bonasi imene palibe anaikonzekera: kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti mwa obayidwa ku New Zealand chinzonono chinachepa ndi pafupifupi 31 pa 100 aliwonse, chifukwa mabakiteriya awiriwa ndi pachibale.

Zimenezi zikutikhudza pafupi. Kuno kwathu kuli mtundu wa Salmonella, osati wa tayifodi, umene umalowa m'magazi mwa ana ofooka ndi malungo kapena kunyentchera, komanso akuluakulu amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Mbewu yake imene asayansi a m'maiko ambiri amaphunzirirapo, D23580, inatengedwa m'magazi a mwana wa ku Blantyre mu 2004. Ku Siena m'dziko la Italy kuli malo ofufuzira akatemera a kampani ya GSK amene anapanga njira yotchedwa GMMA. Amachotsa dala jini (malangizo a chibadwa) yopangira kamodzi mwa timisomali tija kuti chikopa chizitupa paliponse, bakiteriyayo n'kumakhetsa timatumba tochuluka, ndipo amafewetsa LPS kuti asatenthetse thupi kwambiri. Akatemera opangidwa motere ayesedwapo pa anthu, wa Salmonella ameneyu ku Oxford, wa Shigella ku Kenya. Ana anu asasokoneze ndi katemera wa tayifodi amene ambiri a iwo analandira mu May 2023. Uja ndi shuga wa pa chikopa cha kachilombo womangiriridwa ku puloteni, mulibe timatumba.

Lolembalo timatumba simungawaonetse, koma puloteni ikugwira ntchito mungathe. Gulani chinanazi chimodzi pa msika wa Luchenza, muchifinye, madziwo muwagawe pawiri. Theka muliwiritse kwa mphindi zisanu n'kulisiya lizizire. Dulani tizidutswa tiwiri tofanana ta nyama yaiwisi, topyapyala, kena muviike m'madzi osawiritsa, kena m'owiritsa, muvundikire makapu onse awiri pa shelefu. Lachiwiri m'mawa muitane mtsikana uja atitose ndi kamtengo. Ka m'madzi osawiritsa kadzakhala katalefuka, kakunyenyeka, pomwe kanzake kadzakhala kadakagwirana, chonsecho kuwawasa kwa madziwo n'kumodzimodzi. Akamaliza nyamayo aikwirire, asambe m'manja ndi sopo.